Mawati si mawu

Abale anga, ana a chinenero chimodzi, tatiyeni tikambirane za momwe tikulankhulira pa nkhani ya zoyimbira za m'nyumba. M'masitolo a ku Limbe, mumsika wa ku Lilongwe, ngakhale pa WhatsApp pamene achinyamata akutsatsana malonda, chiganizo chofala ndi ichi: "Iyi ili ndi pawa, saundi yake ndi yambiri." Wogula amagwedeza mutu, n'kupisa m'thumba. Koma mutawapatula awiriwo n'kufunsa aliyense chimene agwirizana, mungapeze kuti wina amanena za kum'mawa, mnzake za kumadzulo. Kodi pawayo ndi mphamvu ya magetsi imene chipangizocho chimadya, kapena imene chimapereka kwa masipika? Nanga saundiyo ndi kukwera kwa mawu, kukoma kwake, kapena kugunda kuja kwa pachifuwa? Mawu awiri obwereka ameza mawu athu ambirimbiri, ndipo pomeza mawuwo ameza ndi nzeru zimene zidali m'kati mwake.

Musandimve molakwa. Kubwereka mawu si mlandu. Wailesi, batire, sipika ndi ampulifaya makolo athu sadazisule, choncho mayina ake tidawalandira ndi manja awiri n'kuwaphunzitsa mayendedwe a kwathu: timati masipika awiri, mabatire atha, kawailesi kanga. Amenewa ndi mawu athu tsopano, ndipo palibe wowathamangitsa. Chondidetsa nkhawa ndi kukabwereka kwa eni chinthu chimene tili nacho kale, chathucho chili chakuthwa kuposa chobwerekacho.

Taonani chuma chimene tikutayira kudzala. Chotuluka pakamwa pa munthu ndi liwu, likachuluka ndi mawu, ndipo dzina lomweli tidalipereka kwa zotuluka m'sipika. Mawu akasowa dongosolo, kapena akafika kwa munthu amene sadawapemphe, amasanduka phokoso. Madzi a pamathithi ali ndi mkokomo, mapazi a khamu ali ndi mgugu, bingu limagunda, injini imalirima. Woyimba waluso timati ali ndi nthetemya, wodwala chimfine timati wasasa mawu. Ndiye pali aneni awiri amene mwana aliyense woyamwa chinenerochi amawasiyanitsa popanda kulowa m'kalasi: kulira ndi kumveka. Wailesi ikhoza kulira mpaka mudzi wonse kudzuka, koma wolengeza uthenga wa maliro osamveka kuti watchula mudzi wa mfumu iti. Ikhozanso kulira motsitsa, liwu lililonse n'kumamveka bwino lomwe. Munthu akati "saundi ndi yambiri" wafafaniza malire onsewa ndi phazi. Tiziti "ikulira kwambiri" tikamanena za kukwera kwa mawu, "ikumveka bwino" tikamayamikira kuyera kwake, ndiponso "ikusokosa" ikatilanda mtendere.

Mneni uja wakuti kupanga tamulemetsa ndi ntchito zosakhala zake. Mmisiri amapanga mpando, ndipo apo palibe chovuta. Koma lero tikumva "panga inkirizi voliyumu", "tapanga ridyusi pang'ono", "wapanga konekiti masipika". Chonsecho tili ndi kukweza, kutsitsa ndi kulumikiza, aneni aafupi, opepuka pa lilime, omveka kwa mwana ndi kwa nkhalamba. Mayi akauza mwana wake kuti "tsitsa wailesiyo, agogo ako agona", palibe chosowa m'chiganizo chimenecho. Akuluakulu akukumbukira kuti kudzera m'masipika omwewa, wailesi ya MBC inkatibweretsera pulogalamu ya Tiphunzitsane Chichewa, banja lonse litazungulira kawailesi kamodzi. Zimandipweteka kuti chipangizo chimene chidatiphunzitsa kulankhula mwaukhondo ndicho tikulephera kuchikamba m'chinenero chathu.

Tsono tifike pa manambala olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa makatoni. Muyeso wa mphamvu umatchedwa wati, pokumbukira James Watt, katswiri wa ku Scotland amene adabadwa mu 1736 n'kumwalira mu 1819, wodziwika pokonza injini zoyendera nthunzi kuti zisamadye malasha ambiri. Timati wati imodzi, mawati khumi, mawati 100. Ambiri amati "mawatsi", osazindikira kuti achulukitsa dzina limodzi kawiri, ndi ma- wathu kutsogolo komanso s wa Chingerezi kumapeto. Ma- yekha akukwanira, monga momwe timanenera malita ndi mamita.

Katchulidwe ndi kachilema kakang'ono. Chilema chachikulu ndi kuganiza kuti wati imayeza kukwera kwa mawu. Wati imayeza mphamvu ya magetsi imene ampulifaya imakankhira kwa sipika. Ampulifaya payokha ili duu, ilibe pakamwa. Ntchito yake ndi kutenga kamphamvu kochepa kochokera m'foni, m'wailesi kapena m'kanema, n'kukakuza kuti kathe kugwedeza chipepala cha m'kati mwa sipika, ndipo chipepalacho pogwedezeka chimakankha mpweya umene umadzafika m'khutu mwathu. Masipika ambiri a m'nyumba amasandutsa kukhala mawu gawo limodzi lokha mwa magawo 100 a mphamvu imene alandira, ena osafika n'komwe pamenepo. Yotsalayo imangosanduka kutentha. Popeza ampulifaya ndi sipika zili ndi ntchito zosiyana, dzina lathu lokoma lija lakuti chinkuzamawu tizilisamala. Timatchula nalo maikolofoni, timatchula nalo sipika, nthawi zina zida zonse pamodzi, ndipo pa msonkhano zimenezo sizivuta. Koma pogula kapena pokakonzetsa kwa mmisiri, chida chilichonse chitchulidwe ndi dzina lakelake.

Mawu akatuluka m'sipika amayezedwa ndi muyeso wina, desibelo, umene mwachidule umalembedwa dB. Adaukhazikitsa ndi akatswiri a telefoni a kampani ya Bell ku America m'zaka za m'ma 1920, ndipo dzina lake lidachokera kwa Alexander Graham Bell. Anthu awiri akamacheza mwachizolowezi, mawu awo amakhala pa madesibelo pafupifupi 60.

Ubale wa mawati ndi madesibelo sungamveke kwa munthu amene wasokoneza aneni ena awiri, kuwonjezera ndi kuwirikiza. Kuwonjezera ndi kuika china pamwamba pa chimene chilipo: 10 kuwonjezera 2 ndi 12. Kuwirikiza ndi kubwereza chonsecho: 10 kuwirikiza kawiri ndi 20. Masiku ano mumamva munthu akunena kuti "mtengo wa sopo wawonjezereka kawiri" pofuna kunena kuti wawirikiza. Kuwonjezereka kawiri ndiye kuti udakwera Lolemba n'kukweranso Lachisanu, kaya ndi ndalama zochepa bwanji. Pa nkhani ya zoyimbira, kusiyana kumeneku ndiye phata la zonse, pakuti mawati akamawirikiza, madesibelo amangowonjezereka. Mukawirikiza mawati kawiri, mwawonjezera madesibelo atatu okha. Mukawawirikiza kakhumi, mwawonjezera madesibelo khumi. Kuchoka pa wati imodzi kufika pa mawati 10 mwapeza madesibelo 10. Kuti mupeze ena 10 muyenera kufika pa mawati 100, ndipo ena 10 otsatira ali pa mawati 1,000.

Nanga khutu limati chiyani? Madesibelo atatu limawamva ndithu, koma monga kusintha kwapang'ono, kongoti wina wakhudza kabatani. Kuti munthu anene kuti "tsopano ikulira mowirikiza", pamafunika madesibelo pafupifupi khumi. Amene adafufuza kwambiri zimenezi ndi S. S. Stevens wa pa yunivesite ya Harvard, amene mu 1936 adapereka muyeso wa kukwera kwa mawu monga momwe munthu amakumvera, kusiyana ndi momwe makina amakuwerengera. Choncho m'bale wathu amene ali ndi ampulifaya ya mawati 50, n'kugulitsa mbuzi kuti agule ya mawati 100 poyembekezera kuti ilira mowirikiza, adzangogwira chibwano. Wagula madesibelo atatu. Kuti amve kuwirikiza kwenikweni akadafunika ya mawati 500, pamodzi ndi masipika otha kuipirira.

Aliyense amene adayimbapo kwaya amazidziwa kale zimenezi ndi khutu lake. Munthu mmodzi akamayimba, mnzake n'kulowa nawo ndi liwu lofanana, nyimbo imakhuthala, koma palibe amene amatseka makutu. Mphamvu ya mawu yawirikiza kawiri, khutu langomva kusintha pang'ono. Pamafunika oyimba khumi kuti timve ngati liwu la mmodzi uja lawirikiza, ndipo kwaya ya anthu 100 sitimva ngati ikuposa munthu mmodzi ka 100, timamva ngati ikumuposa kanayi. Khutu lidaumbidwa motero kuti lithe kutola kunong'ona komanso kupirira bingu. Amene amati nkhani za sayansi sizingakambike m'Chichewa aonepo apa: kuwonjezera ndi kuwirikiza asenza nkhani yonseyi popanda kupuma panjira, bola tisawasokoneze.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchito ya kulira ampulifaya sisenza yokha. Masipika amasiyana. Ena mukawapatsa mphamvu yochepa amayankha msanga, ena ndi ouma khosi, ofuna kukankhidwa. Opanga odalirika amalemba nambala yosonyeza madesibelo amene sipika imatulutsa ikapatsidwa wati imodzi, poyezera pa mtunda wa mita imodzi, ndipo masipika ambiri a m'nyumba amakhala pakati pa 85 ndi 90. Khalidwe limeneli ine ndimalitcha kuchangamuka kwa sipika. Ndingakondwe akatswiri a ku Centre for Language Studies ku Zomba atalisinkhasinkha dzinali pamodzi ndi amisiri okonza mawailesi, chifukwa wodziwa chinenero ndi wodziwa ntchito akakhala pa mphasa imodzi ndi pamene pamabadwa dzina lokhalitsa.

Tiwerengere limodzi. Sipika ya madesibelo 87 ikalandira mawati 10 imafika pa 97, ikalandira mawati 100 imafika pa 107. Sipika ya madesibelo 90 imafika pa 107 pomwepo ndi mawati 50 okha. Ndiye munthu wonena kuti "yanga imalira kuposa yako chifukwa ndi ya mawati 100" wanena theka la chiganizo, theka linalo walisiya m'sipika. Paul Klipsch, amene adayamba kupanga masipika m'tauni ya Hope ku Arkansas mu 1946, adawaumba ndi njira ya mawu yotambasuka ngati lipenga, ndipo sipika yake yotchuka, Klipschorn, imatulutsa madesibelo pafupifupi 105 ndi wati imodzi. Sipika ya 85 ingafune mawati pafupifupi 100 kuti ifike pamenepo. Nzeru yomweyi ndi imene ili m'masipika amalipenga amene timawaona pa mizikiti, pa matchalitchi ndi padenga la galimoto zolengeza mauthenga. Batire imodzi, koma uthenga umafika kutsidya kwa dambo, ngakhale kuti malipenga aang'ono amenewo besi alibe ndipo nyimbo sizikoma nawo.

Mtunda nawonso umadya mawu. Pabwalo, pomwe palibe makoma, mukachoka pa mita imodzi n'kuima pa mamita awiri mwataya madesibelo 6, pa mamita anayi mwataya 12, ndipo kuti mubweze 12 amenewo mungafune mphamvu yowirikiza pafupifupi ka 16. M'nyumba makoma amabweza mawu, kutayako n'kuchepa. Choyimbira chimene chimanjenjemeretsa mawindo pabalaza chimamveka chofooka mukachitulutsa panja tsiku la chinkhoswe, ndipo anthu amafulumira kunena kuti "chatha mphamvu". Mphamvu zake zili momwemo, changosowa makoma.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa makatoni ambiri pamalembedwa manambala odolola mtima, 2,000 kapena 5,000, pambali pake pali timalemba takuti PMPO. Nambala imeneyi ilibe muyeso wogwirizana, wopanga aliyense amaiwerengera mmene wafunira. Yoyenera kufunsa ndi ya mphamvu imene ampulifaya ingapereke mosalekeza mawu osasasa, imene kawirikawiri imalembedwa ndi zilembo zakuti RMS. Ku America kukokomeza kotereku kudafika poipa, mpaka mu 1974 bungwe la boma loteteza ogula, Federal Trade Commission, lidaika lamulo loti otsatsa maampulifaya a m'nyumba azitchula mphamvu yosalekezayo. Wogula aliyense ali ndi njira yapafupi. Tembenuzani chipangizocho, muwerenge kachikwangwani ka kumbuyo kosonyeza mphamvu imene chimadya kuchokera ku magetsi. Chipangizo chodya mawati 60 sichingapereke mawati 3,000 mosalekeza, chifukwa sichingatulutse choposa chimene chalandira. Safunsa adadya phula, ndipo pofunsapo chinenero chathu chimatipatsa mawu olasa pamutu pa nkhani: "Chimadya mawati angati? Nanga chimapereka angati kwa sipika iliyonse, mosalekeza?" Kudya ndi kupereka ndi zinthu ziwiri zimene "pawa" sangathe kuzisiyanitsa, ndipo wogulitsa wosakhulupirika amabisala m'kusasiyanitsa komweko.

Wina angafunse kuti, ngati zili choncho, mawati ambiri ntchito yake n'chiyani? Ntchito ali nayo. Banja likamamvera nyimbo pabalaza madzulo, nthawi zambiri ampulifaya imangopereka wati imodzi kapena mawati awiri, mwina osakwana n'komwe. Koma nyimbo siyenda mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ng'oma ikagunda, kapena woyimba akakweza mwadzidzidzi, pamafunika kwa kamphindi mphamvu yowirikiza kakhumi kapena kuposerapo. Ampulifaya yokhala ndi mphamvu yapadera imadutsa pamenepo osatekeseka. Yoperewera imadula nsonga za mafunde a mawu, ndipo zotuluka zimakhala zokanda m'khutu. Apa ndi pamene tiyenera kunena kuti "yasasa mawu". Ambiri akamva kusasaku amasangalala n'kumati "tsopano yayamba kulira", chifukwa mawu osasa amalasa khutu ndipo amamveka ngati okwera. Kumeneko ndi kubuula, abale. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, ndipo timasipika tating'ono ta mawu owonda, timene amisiri amati matwita, ndi timene timayamba kupsa ampulifaya ikamakakamizidwa kupyola malire ake. Dziwaninso kuti kabatani kokwezera sikawerenga mawati. Kukafikitsa pakati sikutanthauza kuti mwagwiritsa ntchito theka la mphamvu. Ngati foni kapena kanema akutumiza kale mawu okwera, ampulifaya ikhoza kufika pamapeto a mphamvu zake kabataniko kasanafike pakati.

Mphamvu yambiri imathera ku besi. Harvey Fletcher ndi Wilden Munson adasonyeza mu 1933 kuti khutu silimva mitundu yonse ya mawu mofanana. Mawu owonda ndi akuthwa, monga a khanda lolira, limawatola msanga, koma mawu a besi limachedwa kuwamva, makamaka choyimbira chikamalira motsitsa. Ndicho chifukwa sabuwufa, sipika ya besi, imafuna mawati ochuluka kuposa timasipika tinzake.

Kumbuyo kwa sipika kuli nambala inanso, 4, 6 kapena 8, ya muyeso wotchedwa ohm, dzina lochokera kwa Georg Ohm wa ku Germany. Nambalayi ikachepa, sipika imakoka magetsi ambiri kuchokera ku ampulifaya. Ampulifaya yolembedwa kuti imapereka mawati 100 pa sipika ya 4 imapereka ocheperapo ndithu pa sipika ya 8. Ana anga okonda kulumikiza masipika anayi kapena asanu pa ampulifaya imodzi, mvetserani. Masipika awiri a 8 olumikizidwa onse pa malo amodzi otulukira amakoka ngati sipika imodzi ya 4, anayi amakoka ngati ya 2, ndipo maampulifaya ambiri a m'nyumba akafika pamenepo amatentha, n'kuzima kapena kupsa. Ikapsa musathamangire kwa mmisiri ndi mawu akuti "yangowonongeka". Chichewa chimasiyanitsa kuwonongeka ndi kuwononga, kupsa ndi kuwotcha, ndipo chimatero kuti wochita chinthu aoneke m'chiganizo. Mukati "ndidalumikiza masipika anayi, kenako idatentha", mwalankhula mwaulemu kwa chinenero, mwathandizanso mmisiri kupeza vuto msanga.

Pali chiganizo chimodzi chimene chimandiopsa kuposa zonse zimene ndatchulazi: "Ine phokoso ndidalizolowera." Kuzolowera ndi mneni wabwino. Timazolowera malo achilendo, timazolowera ntchito yatsopano, timazolowerana ndi anansi. Koma khutu silizolowera phokoso. Limatopa, kenako limafooka pang'onopang'ono mwini wake osadziwa. Bungwe la NIOSH la ku America, loona za umoyo ndi chitetezo cha anthu pantchito, limalangiza kuti munthu asakhale m'phokoso la madesibelo 85 kupyola maola 8 patsiku, ndipo pa madesibelo atatu aliwonse owonjezera nthawiyo idulidwe pakati: pa 88 maola 4, pa 91 maola 2, pa 100 mphindi 15 zokha. Madesibelo atatu amene khutu limawamva ngati kanthu kochepa, pa kuwononga amagwira ntchito yowirikiza kawiri. Bungwe la World Health Organization limaika malire a kumvera nyimbo kwa munthu wamkulu pa madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo kwa ana limatsitsa kufika pa 75. Kumbukirani kuti sipika wamba ya m'nyumba imapyola 85 ndi wati imodzi yokha kwa munthu wokhala nayo pafupi, ndipo m'nyumba zathu amene amakonda kukhala pafupi ndi sipika ndi ana.

M'kati mwa khutu muli tizigawo tokhala ndi timaubweya tosaoneka ndi maso, timene timasandutsa kugwedezeka kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo, ndipo tikafa sitimeranso. Munthu amene amachoka pa phwando m'makutu mukulira, kapena amene wayamba kumapempha ana ake kuti abwereze zimene anena, asadzinamize ndi mneni wakuti kuzolowera. Atchule vuto ndi dzina lake, kuti makutu ayamba kugontha, atsitse choyimbiracho, ndipo apite kuchipatala akamuyeze.